Mapepala a katundu woopsa asanakwere sitima

Achimwene, mwafunsa ngati mabatire a sola ndi penti zomwe mukufuna kuoda ku China zingabwere pa Beira ngati katundu wamba. Ayi ndithu. Zonsezo zili m'gulu la katundu woopsa, ndipo sitima za pamadzi zimayendera buku la malamulo onyamulira katundu woopsa la IMDG Code, lochokera ku IMO, bungwe la United Nations loona za maulendo a pamadzi. Bukuli limakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse.

Musanatumize ndalama, wogulitsayo akupatseni SDS (Safety Data Sheet), chikalata chofotokoza kuopsa kwa katunduyo ndi kasamalidwe kake. Ili ndi zigawo 16, koma inu thamangirani pa 14, pomwe pali nambala ya UN (nambala yozindikiritsa mtundu wa katundu woopsa), dzina lovomerezeka la katunduyo ndi kalasi yake. Mabatire a lithium-ion okhaokha ndi UN3480, kalasi 9. Akakhala m'chipangizo kapena atapakiridwa nacho limodzi ndi UN3481. Onsewa amafunanso chikalata cha mayeso a chitetezo cha mabatire otchedwa UN 38.3. Penti wa mafuta nthawi zambiri ndi UN1263, kalasi 3, ndipo flash point yake (kutentha komwe nthunzi yake imayambira kugwira moto) ikakhala madigiri 60 Celsius kapena kutsikirapo iyenera kulembedwa pa Dangerous Goods Declaration, chikalata cholengeza katundu woopsa.

Tsono yalani declaration, invoisi, packing list ndi bukingi ya sitima patebulo, muziyendetsa chala mzere ndi mzere. Nambala ya UN, kuchuluka kwa makatoni, kulemera kwake, nambala ya kontena, zonse zigwirizane. Pepala lina likati makatoni 40 lina 42, kontena imatsala padoko, ndalama ya storage n'kumawerengeka tsiku ndi tsiku. Ajenti akakunyengererani kuti angolemba "solar accessories" kuti mtengo utsike, kanani. Kontena yotero amaiika paliponse m'sitima, mwina pafupi ndi potentha, ndipo moto ukabuka ozimitsa sadziwa chomwe chikuyaka. Muli anthu m'sitimamo.

Samalaninso ndi zosakaniza. Klorini waufa wothira m'madzi ndi wa kalasi 5.1, saloledwa kukhala m'kontena imodzi ndi penti wa kalasi 3, ngakhale malo atatsala ochuluka bwanji. Wopakira asaine container packing certificate, chikalata chotsimikiza kuti wapakira motsata malamulo, ndipo akutumizireni zithunzi: makatoni okhala ndi chizindikiro cha UN, ndi zikwangwani za kalasi, zosachepera masentimita 25 mbali iliyonse, kumbali zonse zinayi za kontena.

Wa kiliyaringi ndi mwini thiraki auzidwe sitima isanafike, chifukwa si thiraki iliyonse ingasenze katundu wotere. Dalaivala akhale ndi kope la SDS m'galimoto kuchoka pa Beira, kudutsa Tete, mpaka pa Mwanza.