Foni yakana app ya banki, ndipo wa kaloba akudikira ndi kabuku kake

"Aphungu, ndine mayi wa ku Chawama mu Lusaka, ndimagulitsa kapenta ndi nyemba ku Soweto Market. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikulipira amene amanditumizira kapenta kuchokera ku Siavonga kudzera pa app ya banki. Sabata yatha app inandiuza kuti ndiike yatsopano, koma nditalowa pa Play Store analemba kuti foni yanga sigwirizana nayo. Mnyamata wina wokonza mafoni mu Katondo Street akuti atha kundiikira ndi Xender, app yotumizirana mafayilo pakati pa mafoni, pa K100. Bambo wina wa kaloba pamsika akuti andipatsa K2,000 ndigule foni yatsopano, ndidzabweze K3,000 mwezi ukatha. Pa tsiku ndimapeza phindu pafupifupi K120. Foni yanga yabwinoko ndinapatsa mwana wa mlongo wanga amene ali ku koleji. Kodi ndigule foni ya mtundu wanji kuti app isadzandikanenso?"

Amayi a ku Chawama, kalata ngati yanuyi imandipeza kawirikawiri, kungoti tsiku lina imachokera kwa wogulitsa salaula, tsiku lina kwa mwini kantemba ku Matero, ndipo onse amafunsa mtundu wa foni pamene chimene chiwagwetse achilemba okha pakati pa kalata osachiona. Za foni ndinena, musade nkhawa. Koma chimene chandiimitsa mutu ndi bambo wa kaloba uja, amene abale athu a ku Malawi amati wa katapila, ndipo ndikanakhala pafupi ndikanakugwirani dzanja musanasaine m'kabuku kake.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala anu omwe. K120 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi ngati Lamlungu mumapita ku tchalitchi, zikukwana K3,120. Bamboyo akufuna K3,000. Ndiye kuti mwezi wathunthu mudzalawira m'mamawa kukwera basi ya ku tauni, kukhala padzuwa mukuingitsa ntchentche pa kapenta, n'kutsala ndi K120, imene siingagule ngakhale thumba la ufa la makilogalamu 25. Komatu ana sadzaleka kudya mwezi umenewo, ndipo mwini nyumba sadzaiwala njira ya kwanu. Pa tsiku lobweza mudzapezeka muli ndi K1,000 yokha, ndipo bamboyo adzailandira akumwetulira, n'kunena kuti imeneyo ndi chiwongoladzanja, K2,000 ija ikadali pomwepo. Amenewo ndiwo malonda ake, ndipo wobweza zonse pa nthawi yake samusangalatsa kwenikweni. Miyezi itatu ikatha mwampatsa K3,000, ngongole sinasunthe, ndipo foni ya K2,000 yayamba kulowera ku K5,000. Mukafuna kuthana naye msanga mudzadula pa mpamba, kotero kuti oda ya ku Siavonga idzachepa ndi theka, phindu la K120 lidzatsika kufika pa K60, ndipo mudzakhala ndi foni yonyezimira yolipirira katundu amene mulibenso ndalama yomugulira. Sindinanene za chikole, pakuti ena a iwo amagwira NRC, chitupa cha unzika, kapena khadi la ATM, ndipo munthu amene NRC yake ili m'thumba la wina amavutika ngakhale kukabwezeretsa SIM yake ikatayika.

Funso limene mukanafunsa ndi lakuti: kodi ndingamulipire bwanji wa ku Siavonga mawa lino popanda app? Ndalama zanu sizili mu app, zili ku banki, ndipo app ndi khomo limodzi chabe pa makomo angapo. Mabanki ambiri a mu Zambia ali ndi nambala yoyamba ndi nyenyezi n'kutha ndi #, monga *444# ya banki ya Zanaco, imene imagwira ntchito pa kafoni ka mabatani popanda intaneti kapena bandulo. Funsani ku nthambi ya banki yanu nambala yawo, mutatenga NRC, ndipo akulembetseni pomwepo. Kudzera pa nambala imeneyo mutha kuona ndalama zotsala, kutumiza ku akaunti ina, ndiponso kukankhira ndalama ku Airtel Money kapena MTN MoMo, popeza mabanki ndi makampani a mafoni masiku ano analumikizidwa. Sindikhulupirira kuti pali wogulitsa kapenta m'mbali mwa nyanja ya Kariba amene alibe imodzi mwa ziwirizi. Pali ndalama yodula pa kutumiza kulikonse, ndipo potumizirana pa foni palinso msonkho wa boma umene unayamba mu Januwale 2024, koma ngakhale mutaphatikiza zonsezo kwa mwezi wathunthu, sizingayandikire K1,000 ya bambo uja. Changu chimene mukumva mumtima, chakuti foni iyenera kugulidwa sabata ino, ndicho chimene wa kaloba akugulitsa.

Tsopano za foni. Imene muli nayo sinawonongeke, yangokalamba m'kati. Foni iliyonse ya Android ili ndi nambala ya msinkhu wake, ndipo mutha kuiona mukalowa mu Settings, n'kutsika mpaka pa About phone, pamene palembedwa Android version. Android 5 inatuluka mu 2014, Android 7 mu 2016, Android 8 mu 2017, ndipo Android 10 mu 2019. Akuba a pa intaneti akamapeza mipata m'mapulogalamu akale, opanga mafoni amaitseka kwa zaka zochepa kenako n'kuleka, ndipo pa mafoni otsika mtengo amaleka msanga kwambiri. Banki ikaona kuti mpanda wa Android yakale wagumuka ndipo palibe woukonza, imakweza malire n'kunena kuti app yake yatsopano izilowa m'mafoni a msinkhu wakutiwakuti kupita m'mwamba. Ngakhale Google yeniyeniyo inasiya kusamalira Android 4.4 mu 2023. Malire amenewa amasiyana banki ndi banki, ndipo amalembedwa pa Play Store pansi pa About this app, pamene akuti Required OS kapena Requires Android. Yerekezani nambala imeneyo ndi ya foni yanu. Yesaninso kulowa pa System update mu Settings momwemo, mwina pali chatsopano chimene chakhala chikukudikirani, ngakhale pa foni ya zaka zambiri sindikulonjezani kanthu.

Kwa ena amene akuwerenga, app ikakana sikuti nthawi zonse vuto ndi msinkhu. Ndinaonapo mayi wina wogulitsa tomato ali pafupi kutaya foni yabwinobwino, pamene chinadzaza malo ndi mavidiyo a kwaya ndi a maliro ochokera m'magulu asanu ndi limodzi a WhatsApp. Titafufuta, app inalowa pa mphindi zitatu. Foni imene tsiku ndi nthawi yake zasokonekera imakanidwanso, ndiponso ngati SIM imene munalembetsa ku banki ili m'foni ina, nambala yotsimikizira ya pa SMS imapita kumeneko. Koma inu mayi, mawu amene mwawerenga pa Play Store akuloza ku msinkhu.

Mnyamata wa mu Katondo Street mumuthokoze mwaulemu ndipo mupitirire. Chimene akufuna kukuikirani ndi fayilo yoikira app, yotchedwa APK, imene wakopa m'foni ya wina kapena waitola pa intaneti. Ikakhala app yakale, banki inaitseka kale kumbali yake, ndipo idzakuuzaninso kuti muike yatsopano, K100 itapita. Ikakhala yatsopano, foni yanu siidzatha kuinyamula. Ikakhala yopangidwa ndi akuba, idzaoneka ndi mtundu ndi chizindikiro cha banki yanu ndendende, inu n'kulembamo PIN ndi manja anu. Sindikunena kuti mnyamatayo ndi mbala, pakuti ambiri a iwo ndi ana olimbikira amene amakonza magalasi ndi mabatire bwino lomwe, koma iye mwini sangadziwe chimene chili m'kati mwa fayilo imene anapatsidwa ndi mnzake. Akakuuzani kuti aichita root foni, ndiko kuchotsa maloko ake a m'kati kuti ilandire chilichonse, dziwani kuti ma app ambiri a mabanki amakana dala foni yotero. Ndipo foni imene imalandira SMS za ku banki isamagone pa benchi ya wokonza SIM ili m'kati.

Nthawi yogula ikadzakwana, musadzafunse dzina la kampani, chifukwa Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung onse ali ndi mafoni atsopano ndi akale, ndipo app siyang'ana dzina lolembedwa kumbuyo. Muyeso wake ndi umodzi, ndipo umachitikira pa kauntala ndalama zikadali m'chikwama: wogulitsa ayatse foni, mulowe pa Play Store, mufufuze app ya banki yanu, muone ngati batani la Install likuoneka. Akakana kuti muyese, pitani pa sitolo yotsatira. Musagule foni imene Android yake yangofika pa malire a lero, pakuti malirewo adzakweranso ndipo mudzandilemberanso kalata yomweyi. Sankhani imene ili patsogolo ndi masitepe atatu kapena anayi, yokhala ndi malo osachepera 64GB. Pa mafoni ogwiritsidwa kale ntchito m'pamene pali chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mafoni a Huawei amene anatuluka pambuyo pa chiletso cha America cha mu 2019 alibe Play Store, ali ndi AppGallery, ndipo si banki iliyonse imene inaika app yake kumeneko. iPhone 6 imene amakuonetsani pa mtengo wokoma inaima pa iOS 12 ndipo siidzapitirira. Imbani *#06# kuti nambala yodziwira foniyo, ya IMEI, ioneke, muiyerekeze ndi ya pa bokosi, muonetsetse kuti mwini wakale anachotsamo akaunti yake ya Google, ndipo mutenge lisiti. Ponena za mafoni a ngongole amene amadzitseka mukaphonya kulipira, phatikizani malipiro onse mpaka kumapeto musanavomere, ndipo mukumbukire kuti tsiku limene malonda avuta ndi lomwelo limene foni idzatsekeka pamodzi ndi khomo lanu la ku banki.

Ndalama yake ichokere kuti? K40 pa tsiku kwa masiku 50 ndi K2,000, miyezi iwiri ya msika, popanda ngwee imodzi yopita kwa munthu wina. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ngati muli m'chilimba, gulu losonkherana ndalama mosinthana, pemphani anzanu kuti musinthane ndi amene akulandira mwezi wamawa, pakuti zimenezi zimachitika pamsika uliwonse ndipo palibe manyazi.

Koma mwina simuyenera kugula n'komwe, chifukwa foni imene ikufunika muli nayo kale, kungoti ili ku koleji. Apa mundikhululukire, azakhali, ndilankhula mosabisa. Kodi mwanayo akanapempha meda yanu yoyezera kapenta, mukanampatsa? Foni ija inali chida cha malonda monga meda ndi tebulo, ndipo munaipereka chifukwa kukana mwana wa mlongo wanu kumawawa, zimene ndikuzimvetsa, pakuti nanenso ndili ndi abale. Koma malonda amenewa ndi omwe amatuma ka ndalama ka sopo ku koleji komweko, ndipo akagwa mwanayo adzakhala ndi foni yabwino yokuimbirani kupempha chimene mulibe. Mukambirane ndi alongo anu, osati ndi mwanayo yekha, kuti akabwera pa holide musinthane, iye atenge yakaleyi, inu mutenge ija kufikira chilimba chitakufikani. Akadandaula kuti ya kusukulu imafuna foni yamphamvu, atate ake aikepo theka la mtengo wa foni ina, popeza mwanayo ndi wawo. Foni ikabwerera, yambani mwaona Android version yake monga ndanenera, ndipo app muiike nokha, PIN osamuuza, ngakhale ndi mwana wabwino chotani.

Chatsala ndi liwu limodzi m'kalata yanu limene landivutitsa kuposa onse, liwu lakuti "pafupifupi". Munthu wolemba malonda ake sanena kuti pafupifupi K120. Amanena kuti sabata yatha linali K95 ndipo ya dzana K140. Ndikuganiza kuti app ija ndiyo inali buku lanu, kuti mukafuna kudziwa zimene munatumiza ku Siavonga munkangotsegula n'kuona, ndipo lero khomo litatsekeka simungathe kunena ngati thumba lomaliza munalipira lonse kapena theka. Tsiku limene mukupita kukalembetsa nambala ya nyenyezi ija, pemphaninso statement ya miyezi itatu, ndipo pobwerera mugule buku la sukulu la chikuto cholimba. Tsamba la kumanzere muzilemba zolowa, la kumanja zotuluka, kuphatikizapo basi, chiphaso cha pamsika, ndalama yodula potumiza, kapenta amene mwatapa kupita naye kunyumba, ndi K20 iliyonse imene mbale wadutsa nayo. Mwezi ukatha mundilemberenso ndi manambala a m'bukumo, ndipo mundiuzenso kuti wa ku Siavonga mumamulipira kangati pa mwezi, chifukwa ngati ndi kawiri kokha, ndidzakuuzani kuti kafoni ka mabatani kakukwanirani mpaka chaka chamawa.