Yankho kwa achimwene amene render ya vidiyo yaukwati ikuwaimira panjira

Achimwene, ndawerenga funso lanu lija. Mwati munajambula ukwati ku Katoto ndi kamera yolumikiza ku laputopu, zina n'kujambula pa foni, ndipo mukamapanga render (kutulutsa vidiyo yomaliza) mu pulogalamu yokonzera mavidiyo ya Premiere Pro ntchitoyo imaima isanathe, kompyuta n'kulemba uthenga wakuti memory yachepa, chonsecho hard disk yanu ya 1 TB ili ndi malo ambiri. Mwatinso laputopuyo ili ndi RAM ya 8 GB. Ena mugulu muno akulangizani kuti mufufute zonse ndi kuikanso Windows, ena akuti mukagule RAM mawa lomwe, koma ine ndikupemphani kuti muyambe mwaona kaye chimene chikudzaza, chifukwa uthenga umodzimodziwu umabwera pa zifukwa zosiyana ndipo mukhoza kuwononga ndalama pa chinthu chimene sichinalakwe.

Memory imene uthengawo ukunena si malo a pa hard disk ayi, koma ndi RAM. Hard disk ili ngati nkhokwe, pamene RAM ili ngati lichero, ndipo ngakhale nkhokwe itadzaza chotani, chimene mungapete pa nthawi imodzi ndi chokhacho chimene chakwana m'lichero. Vidiyo ikakhala pa disk imakhala yopanikizidwa, koma popanga render pulogalamu imamasula chithunzi chilichonse. Chithunzi chimodzi cha 1920 x 1080 chili ndi timadontho toposa 2 miliyoni ndipo chikamasulidwa chimadya pafupifupi 6 MB, pamene cha 4K chimadya kanayi kuposa pamenepo, pafupifupi 25 MB. Pulogalamu imasunga zithunzi zambiri nthawi imodzi, makamaka mukaikapo zokometsera monga Warp Stabilizer yochepetsa kugwedera kwa vidiyo kapena zokonza mitundu. Choncho kutalika kwa ukwatiwo sindiko kumalemetsa kwenikweni. Chimene chimalemetsa ndi kukula kwa zithunzi ndi zimene mwaunjikapo.

Yambitsaninso render, kenaka dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Performance n'kuyang'anitsitsa Memory mpaka ntchitoyo itaima. Musangoona mzere wam'mwamba wokha. Pansi pake pali mawu akuti Committed okhala ndi manambala awiri, ndipo nambala yoyamba ikafika pafupi ndi yachiwiri ndiye kuti Windows yasowa pothawira. Pothawira pake ndi page file, fayilo imene Windows imasunga pa drive C kuti izitayirako zimene zasefukira mu RAM. Apa ndi pamene ndikukayikira kwambiri laputopu yanu, chifukwa malaputopu ambiri amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito amabwera disk yake itagawidwa pawiri, C yaing'ono ndi D yaikulu. Munthu amaona malo ochuluka pa D n'kumati zonse zili bwino, osadziwa kuti C yafiira kale, ndipo C ikadzaza page file siingakule. Premiere Pro nayonso imaunjika media cache yake, mafayilo osakhalitsa amene imapanga pogwira ntchito, pa C pomwepo ngati simunaiuze kwina. Mu Premiere Pro lowani pa Edit, Preferences, Media Cache, mufufute zakale ndi kusamutsira cache ku D. Mukatero lembani mawu akuti advanced system settings pa Start, mulowe pa Performance, Advanced, Virtual memory, muone ngati bokosi lolola Windows kudziyendetsera yokha kukula kwa page file lili lochongedwa. Pali amisiri ena amene amazimitsa page file poganiza kuti akufulumizitsa kompyuta, ndipo pa makina a 8 GB kumeneko n'kupha ntchito.

Dziwaninso kuti 8 GB imeneyo si yonse imene imafika ku Premiere Pro. Windows imatengapo gawo lake, ndipo ngati laputopu ilibe graphics card yapadera, Intel graphics imabwereka ku RAM yomweyo. Chrome ndi WhatsApp zitsekeni render isanayambe. Potulutsa vidiyo, chotsani chizindikiro pa Use Maximum Render Quality ndi Render at Maximum Depth, popeza ziwirizi zimadya memory yambiri koma alendo oonera ukwati pa foni kapena pa TV yapakhomo sangaone kusiyana kwake.

Chinthu china chofunika kuchizindikira ndi malo amene render imaimira. Ikamaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, tinene pa 70 peresenti, kawirikawiri vuto silikhala kuchepa kwa RAM koma kachidutswa kamodzi ka vidiyo kamene kali pamenepo, ndipo ndikhoza kulosera kuti ndi kamodzi mwa tija ta pa foni. Mafoni ambiri amajambula mu 4K, ena mu HEVC, njira yopanikizira vidiyo imene ndi yolemera kumasula kuposa H.264, komanso amasinthasintha chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, makamaka kukayamba kuda muholo. Tengani tizidutswa timeneti mutidutsitse mu HandBrake, pulogalamu yaulere, musankhe H.264, 1080p ndi Constant Framerate, kenaka muike mafayilo atsopanowo m'malo mwa akale. Ngati kamera yanu inajambula mu 1080p, palibe phindu losunga za pa foni mu 4K. Wina watchula za proxy, kope lopepuka la vidiyo logwiritsa ntchito pokonza, ndipo ananena zoona kuti imapepukitsa ntchito podula ndi polumikiza, koma pa render yomaliza pulogalamu imabwerera ku mafayilo enieni aja, choncho vuto lanuli siingalithetse.

Ngati mukutulutsira vidiyo pa fulashi, onani kuti format yake si ya FAT32, chifukwa imeneyo siilandira fayilo yoposa 4 GB. Tulutsirani pa D, kapena fulashiyo ikhale ya exFAT kapena NTFS.

Eni ukwati akakhala kuti akukuvutitsani ndi mafoni, gawani ntchitoyo: za kutchalitchi pazokha, zojambulitsa zithunzi pazokha, perekaniperekani payekha, chigawo chilichonse mphindi 20 kapena 30, n'kudzazilumikiza pamapeto popanda zokometsera zina. Njira imeneyi imathandizanso magetsi akathima, popeza mumangotaya chigawo chimodzi m'malo mwa usiku wonse.

Zikakhala kuti kompyuta imabweretsa sikirini yabuluu kapena imaima pamalo osiyanasiyana RAM isanadzaze, ndiye kuti mwina RAM yeniyeniyo ndi yowonongeka, ndipo mungaiyese ndi Windows Memory Diagnostic imene ili kale mu Windows, kapena MemTest86 imene imafufuza mozama. Ikamangozima yonse mwadzidzidzi, kawirikawiri kumeneko kumakhala kutentha. Kuzizira kwa Mzuzu mu June sikungapulumutse laputopu imene fani yake yatsekeka ndi fumbi, kapena imene yaikidwa pabulangete.

Kunena zoona, ngati maukwati ndi zinkhoswe ndiyo ntchito imene mukufuna kumadyerapo, 8 GB idzakuvutitsanibe, ndipo a Adobe, eni ake a Premiere Pro, amalimbikitsa 16 GB pa vidiyo ya HD ndi 32 GB pa 4K. Koma musanapite kusitolo, Task Manager yomweyo ikuonetsani pa Slots used ngati muli malo oonjezerapo, popeza malaputopu ena RAM yake inawotchereredwa pa bolodi. Mitundu ya RAM ya DDR3L ndi DDR4 siilowana, ndiye nyamulani laputopuyo popita m'tauni kuti akaiike muli pomwepo, muione ikuwerenga 16 GB musanapereke ndalama. Pakadali pano tumizani mugulu muno chithunzi cha Task Manager pa nthawi imene render yaima, china choonetsa malo otsala pa C, ndiponso mutiuze ngati imaima pa peresenti yomweyomweyo.