Mafunso a Owerenga: Nsanja Zamangidwa, Nanga Intaneti Ili Kuti?

FUNSO: Akonzi, pafupifupi chaka chilichonse timamva kuti boma lakhazikitsa ntchito yofikitsa intaneti kumadera akumidzi, ndipo nsanja zina timazionadi zikumangidwa. Komabe anthu ambiri foni amangoimbira ndi kulandirirapo ndalama basi. Kodi maboma amalowereranji pa ntchito ya makampani a mafoni, ndipo vuto lagona pati kuti phindu lake lisamaoneke? Ndine mphunzitsi wa sukulu yakumudzi.

YANKHO: Aphunzitsi, mbali yoyamba ya funso lanu njosavuta. Kampani imamanga nsanja kumene ikudziwa kuti ndalama zake zibwerera msanga, ndipo kumudzi, kumene nyumba n'zotalikirana, misewu njovuta ndipo nsanjayo iyenera kuyendera jenereta kapena sola, ndalamazo zimabwerera mochedwa kwambiri. N'chifukwa chake mayiko ambiri anakhazikitsa thumba lapadera limene makampaniwa amasonkhamo gawo la ndalama zimene apeza, kuti ndalamazo zilipirire nsanja m'madera amene kampani payokha sikanapitako. Ku Malawi thumba lotere linabwera ndi lamulo la zamauthenga la 2016 ndipo limayendetsedwa ndi MACRA, bungwe loyang'anira zamauthenga m'dzikoli. Dziko la India linatsata njira ina: kuyambira 2011 boma lake lakhala likuyala zingwe za faiba ndi cholinga chofika ku makhonsolo a midzi pafupifupi 250,000, ntchito imene lero imatchedwa BharatNet.

Mbali yachiwiri ndiyo ili ndi nkhani. Bungwe la ITU, nthambi ya United Nations yoona zamauthenga, linanena kuti mu 2024 anthu 83 pa 100 alionse a m'matauni padziko lapansi ankagwiritsa ntchito intaneti, pamene kumidzi anali 48 okha. Munthu angaganize kuti chasowa ndi nsanja, koma lipoti la chaka chomwecho la GSMA, bungwe la makampani a mafoni padziko lonse, linaonetsa kuti anthu 4 okha pa 100 alionse padziko lapansi ndi amene amakhala kumene netiweki ya intaneti sifika, pamene anthu oposa 3 biliyoni amakhala kumene imafika koma saigwiritsa ntchito.

Taganizirani za mayi amene netiweki yafika pakhomo pake. Foni imene ali nayo ndi yamabatani, choncho ayenera kugula kaye yamakono, apeze pomaitchajira, kenako azigula bandulo. Akakwanitsa zonsezi, amapeza kuti zolembedwa pafoniyo zili m'chinenero chimene iye sawerenga, ndipo amaopa kudina paliponse kuti mwina bandulo itha kapena ndalama zake zisowa. Tsiku limene walandira uthenga wachinyengo wonena kuti wina wamutumizira ndalama molakwitsa ndipo azibweze, iye n'kutumizadi, chikhulupiriro chake chimathera pomwepo. Palibe nsanja imene ingachotse mantha amenewa.

Apa m'pamene, m'kuona kwathu, maboma ambiri amaphonya, chifukwa nsanja ndi makompyuta zimaoneka bwino pa mwambo wotsegulira, pomwe ntchito yophunzitsa anthu ilibe riboni yodula. Dziko la Peru linagawa malaputopu ambirimbiri kwa ana a sukulu zakumidzi, koma kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inafalitsa mu 2012 anapeza kuti anawo, ngakhale anazolowera makinawo, sanakhoze bwino masamu ndi kuwerenga kuposa anzawo amene sanalandire. Rwanda mu 2017 inayamba kutumiza achinyamata ophunzitsidwa kuti akakhale pakati pa anthu ndi kuwaonetsa, m'Chinyarwanda, mmene angapezere thandizo la boma pafoni. Chaka chomwecho India inakhazikitsa maphunziro a maola 20 ofuna kufikira anthu akumidzi 60 miliyoni, mmodzi pa banja lililonse, kuti wophunzirayo akathandize a m'nyumba mwake.

Inu monga mphunzitsi, akabwera akuluakulu ndi makompyuta pasukulu panu, afunseni kuti adzalipira intaneti ndani chaka choyamba chikatha, adzakonza ndani makina akawonongeka, ndiponso kuti aphunzitsi aphunzitsidwa kwa masiku angati ana asanayambe kuwagwira.

FUNSO: Popeza tsopano kuli intaneti yochokera ku masetilaiti, monga ya Starlink, kodi kumanga nsanja si kuwononga ndalama?

YANKHO: Ayi. Intaneti imeneyi imafika kumene chingwe sichingafike, koma imafuna mbale yakeyake, magetsi osadukizadukiza ndi malipiro a mwezi ndi mwezi amene banja limodzi lakumudzi silingakwanitse. Imathandiza kwambiri ikaikidwa pasukulu kapena pachipatala, pamene anthu ambiri angagawane mtengo wake, ndipo makampani ena amaigwiritsa ntchito polumikiza nsanja zawo zakutali ndi netiweki yaikulu. Foni ya munthu amene ali kumunda kapena pamsewu nthawi zambiri ikudalirabe nsanja.