Thumba lalikulu ndi laling'ono pa thabwa: lofulumira n'liti?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili m'kalasi 11 ku Ulónguè. Ku Fizikisi tafika pa mutu wa zinthu zotsetsereka pamalo opendekeka. Akutiphunzitsa kuti liwiro limawonjezeka mofanana, kaya chinthucho n'cholemera kaya n'chopepuka. Bambo anga, amene amapikula mbatatesi ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Tete, atamva anaseka. Akuti potsitsa katundu m'lole, thumba lalikulu ndi limene limathamanga pa thabwa. Ndimvere yani? Komanso sen ndi cos zimandisokoneza, sindidziwa choika pati. Ndine mtsikana wa ku Angónia.

YANKHO: Mwanawe, usakangane ndi bambo ako pa nsima. Abwereke thabwa lawolo, tiwerengere pamenepo.

Tinene kuti thabwa ndi lotalika mamita 2.5, ndipo latsamira pa lole pamalo okwera mamita 1.5 kuchokera pansi. Kuchoka pamene thabwa lagunda dothi kukafika kunsi kwa lole pakhala mamita 2. Miyeso itatuyi ndi yokwanira, ngodya sufunika n'kuiyeza. Sen ndi kukwera kugawa ndi kutalika kwa thabwa: 1.5 kugawa ndi 2.5, ndiye 0.6. Cos ndi mtunda wapansi kugawa ndi kutalika komweko: 2 kugawa ndi 2.5, ndiye 0.8.

Tsopano goneka thumba la makilogalamu 50 pa thabwapo. Dziko limalikokera pansi tsikitsiki, silidziwa zoti pali thabwa. Mphamvu imeneyi ndi 50 kuchulukitsa ndi 9.8, nambala ya kukoka kwa dziko yotchedwa g, ndipo tipeza 490 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu). Koma thumba silingaboole thabwa, ndiye mphamvu imodziyi timaiona mbali ziwiri. Gawo lina likukanikiza thumba pa thabwa, lina likulikokera chotsika motsata thabwa. Lokanikiza ndi 490 kuchulukitsa ndi 0.8, ndiye 392 N, ndipo thabwa limabweza mphamvu yofanana ndendende, n'chifukwa chake thumba silimira m'thabwa kapena kunyamuka. Lotsitsa ndi 490 kuchulukitsa ndi 0.6, ndiye 294 N. Ophunzira ambiri amadabwa kuti 392 ndi 294 akaziphatikiza zikupitirira 490. Sizifunika kukwana choncho, popeza ziwirizi zaloza kosiyana. Zimakwanirana mwa lamulo la Pythagoras, ngati mbali za thabwa lathu lija.

Za sen ndi cos, ine sindikonda kuti mwana aloweze. Ukasokonezeka, goneka thabwa pansi m'maganizo mwako. Ngodya ndi 0, thumba silisuntha, ndiye mphamvu yotsitsa iyenera kukhala 0. Pa ziwirizi chimene chimakhala 0 ngodya ikakhala 0 ndi sen. Basi, sen ndi ya kutsetsereka, cos ndi ya kukanikiza.

Lamulo lachiwiri la Newton, la m'chaka cha 1687, limati kuwonjezeka kwa liwiro ndi mphamvu yotsala kugawa ndi makilogalamu a chinthucho. Thabwa likanakhala loterera kotheratu, bwenzi tikugawa 294 ndi 50, n'kupeza 5.88 m/s². Koma thabwa la kumsika ndi lokhakhala, limakhulana ndi thumba. Kukhulanaku kumaloza chokwera, ndipo kukula kwake ndi mphamvu yokanikiza ija kuchulukitsa ndi nambala yotchedwa μ. Tingoyerekeza kuti μ ndi 0.4. Tipeza 156.8 N. Chotsa pa 294, patsala 137.2 N. Gawa ndi 50, yankho ndi 2.74 m/s². Thumba lifika pansi sekondi imodzi ndi theka isanakwane.

Nanga la makilogalamu 25? Lotsitsa ndi 147 N, kukhulana ndi 78.4 N, patsala 68.6 N. Gawa ndi 25. Ndi 2.74 yomweyo! Thumba lalikulu limakokedwa kawiri, koma nalonso n'lovuta kawiri kulifulumizitsa, ndiye zimafafanizana. N'chifukwa chake m'buku mwako mwalembedwa a = g(sen θ − μ cos θ), pamene a ndi kuwonjezeka kwa liwiro ndipo θ ndi ngodya, mopanda m, amene ndi makilogalamu aja. Galileo Galilei wa ku Italy anazindikira zimenezi zaka pafupifupi 400 zapitazo pogubuduza timipira m'ngalande ya thabwa, nthawi akuyeza ndi madzi otuluka m'chotengera poti mawotchi odalirika kunalibe.

Komabe bambo ako sakunama, akunena zimene maso awo amaona. Thumba losadzaza limakhala lofewa, limakwinyika, limakodwa pa msomali kapena pa mfundo ya thabwa. Lodzaza limakhala lolimba, ndipo anyamata amalikankha ndi mphamvu polichotsa m'lole, ndiye limayamba ulendo lili kale ndi liwiro. Likafika pansi limagunda kuti phii, fumbi koboo, ndipo khutu limanamiza diso kuti lathamanga. Panjinga ndiye kusiyanako n'koona: amene wasenza matumba amamusiya mnzake pamtsetse, chifukwa mphepo imawabweza mofanana pafupifupi, koma wolemerayo ali ndi mphamvu yotsitsa yochuluka. Ndipo oyendetsa malole otsika kuchokera ku Zóbuè kulowera ku Moatize amadziwa chifukwa chimene amatsikira pa giya yaikulu, yoyendetsa lole pang'onopang'ono. Katundu akachuluka, mphamvu imene mabuleki ayenera kulimbana nayo imachulukanso, ndipo amatentha. Funso la pamayeso limachotseratu mphepo ndi misomali, za kumsika sizichotsa.

Ngati bambo angalole, yesani Loweruka. Matumba awiri a nsalu yofanana, omangidwa zolimba, muwasiye okha popanda kukankha. Mukhozanso kupeza μ ya thabwa lawo: kwezani mbali imodzi pang'onopang'ono mpaka thumba liyambe kusuntha, kenaka mugawe kukwera ndi mtunda wapansi. Nambala imeneyo ndi ya poyambira. Thumba likayamba kuyenda imatsikako pang'ono.

Pamayeso, jambula kaye mivi itatu usanagwire kakyuleta: wa kulemera, wa thabwa, wa kukhulana. Ndipo ukapatsidwa ngodya m'madigiri, yesa sen 30. Ikapanda kutulutsa 0.5, ndiye kuti kakyuleta yako ili pa RAD, uibwezere pa DEG usanapitirize.