Za madzi kuuma mu van yotsukira mawindo

Achimwene, mwati m'bale wanu ali ku Leeds akudandaula kuti madzi akumauma mu van yake yotsukira mawindo, atani? Ife kuno ku Zomba timati kwazizira tikakwera ku Chawe mu June, koma kwawoko Disembala mpaka Febuluwale usiku nthawi zina kumatsika pansi pa madigiri 0, pamene madzi amasanduka ayisi. Ndiye madzi akauma amafufuma pafupifupi 9 peresenti, mpake zinthu zimang'aluka.

Thanki asaivutikire kwambiri, madzi ambiri sauma msanga. Zoyamba kufa ndi pampu, timapaipi ting'onoting'ono, hozi ija ya pa rilo komanso membuleni ya RO (sefa yoyeretsa madzi otsukirawo), imeneyo ikangouma basi yapita ndipo si yotchipa ayi. Akaweruka azichotsa paipi yolowetsa madzi nkuyatsa pampu pang'ono kuti otsalira atuluke, hozi ndi mafyuluta ngati zimachoka azilowa nazo m'nyumba, nkazi akadandaula amupepese. Mu van aikemo hita yamagetsi ya mafuta mkati ija, yokhala ndi thermostat (kachipangizo koiyatsa ndi kuizimitsa malinga ndi kutentha), aiike pa madigiri 5 basi osati kuti mutenthe, nkufunditsa pampu ndi mapaipi bulangete lakale koma lisakhudze hita.

Antifreeze wa galimoto (mankhwala oletsa madzi kuuma) asathire muthanki chonde, amasiya zamawangamawanga pagalasi komanso ndi poizoni. Hita ya gasi kapena mbaula mu van yotseka ayi, utsi wake umapha. Akapeza zauma kale mmawa asayatse pampu, asathirenso madzi owira, angoyatsa hita adikire zisungunuke zokha kenako ayang'ane ngati penapake pakudontha.