Ndatsala pang'ono kukwana zaka 35, cross country ndingaithebe?

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 34, ndikhala ku Chilenje ku Lusaka. Ndili ku sekondale ndinkathamanga cross country bwino ndithu, kenako ntchito, banja, basi ndinasiya. Manje ndayambiranso m'mawa pa msewu wa tala ndipo ndifuna kulowa mpikisano pakatha miyezi itatu, koma ndikathamanga masiku awiri motsatizana akatumba ndi kuchidendene kumawawa mpaka ndimatsimphina popita ku ntchito. Anzanga akuti ndakula, ndizingoonera mpira pa TV. Nzoona?

YANKHO: Achimwene, anzanuwo musawamvere ayi. Ku World Masters Athletics gulu la masters limayambira pa zaka 35, ndiye kuti inuyo chaka chamawa mukhala mwana wamng'ono m'gulumo. Carlos Lopes wa ku Portugal anawina mpikisano wa dziko lonse wa cross country mu 1985 ali ndi zaka 38, ndipo Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga marathon (makilomita 42) mu 2:01:09, maola awiri ndi mphindi imodzi ndi masekondi 9, ku Berlin mu 2022 ali ndi zaka 37. Mphamvu zikadalimo m'thupi lanu, chomwe chasintha nchoti thupilo likatopa limachedwa kubwerera m'malo, silili ngati nthawi ija munkathamanga madzulo mawa lake nkudzuka bwinobwino.

Ndiye zothamanga mwamphamvu masiku otsatizanazo zisiyeni. Pa sabata masiku olimba akhale awiri basi, pakati pake muziika tsiku lopuma kapena lothamanga pang'onopang'ono moti mukhoza kumacheza ndi mnzanu osachita wefuwefu. Anthu ambiri tsiku lopepukali amaliona ngati ulesi nkumakankhabe, ndipo ndi omwewo amene amafika sabata ya mpikisano akutsimphina.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi talayo. Cross country siyichitikira pa tala, ndi pa udzu, dothi, matope, tizitunda ndi makona, phazi limatera mosiyana nthawi iliyonse ndiye akakolo osazolowera sachedwa kubinya. Fufuzani giraundi ya mpira yaudzu kapena njira zafumbi, mbali za Leopards Hill zilipo zambiri, ndipo mukapeza kachitunda kokwera mwina mphindi imodzi muzikakwera mwamphamvu nkutsika mukuyenda, kasanu poyamba, kenako kumawonjezera pang'ono sabata ndi sabata. Mvula ikayamba mu Novembala musathawe matope, pitani mukawazolowere, chifukwa kuthamanga nsapato italemera ndi dothi lonyowa nkwina ndithu, mapazi amafunika kuponda pafupipafupi osati kutambasula miyendo. Mufunsenso okonza mpikisanowo kuti mtunda ndi wautali bwanji, pa mipikisano ya World Athletics akuluakulu amathamanga makilomita 10 koma a masters nthawi zambiri amawachepetsera.

Za akatumba ndi chidendenezo, imani pa sitepe ndi zala za kumapazi, kwezani zidendene m'mwamba nkuzitsitsa pang'onopang'ono, kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu, masiku atatu pa sabata. Zimaoneka zachibwana koma msempha wa kuchidendene umalimba nazo. Ukakhala kuti ukuwawa m'mawa uliwonse mukangoponda pansi potsika pa bedi, kapena watupa, musaumirire, kaonaneni ndi a physiotherapy. Ndipo poti munakhala zaka osathamanga, dzerani pa kliniki akuyezeni BP musanayambe zitundazo, chonde izi musazinyozere.

Nsapato za pa salaula zilibe vuto bola mutembenuze muone kunsi kwake ngati mano akadalipo komanso ngati siyinapendekere mbali imodzi. Ma spikes, nsapato zothamangira zija za timisomali kunsi, mukawapeza musawavale koyamba pa tsiku la mpikisano, amakoka akatumba kwambiri makamaka pa dothi louma gwa.

Sabata yomaliza chepetsani mtunda ndi theka, muzigona mokwanira, usiku wake idyani nsima yanu yomwe munazolowera osayesa zachilendo. Pa mzere woyambira anyamata a zaka 20 adzaphulika ngati athawa njuchi, asiyeni apite, inu gwirani liwiro lanu lomwe mwaphunzira, pofika raundi yachiwiri ambiri a iwo mudzayamba kuwadutsa pa chitunda. Mukathamanga mutilemberenso, tifuna kumva kuti chidendenecho chinatani.