Funsani Mmisiri: Ndigule drum sander yotani kuno ku Joni?

FUNSO: Achimwene moni. Ndine kalipentala, kwathu ndi ku Mangochi koma ndili kuno ku Joni, ndimachita lendi kagalaja ku Rosettenville komwe ndimakhomako matebulo ndi timatabwa todulirapo nyama. Vuto langa ndi kukwecha, tebulo limodzi limandidyera tsiku lathunthu ndi ka orbital kanga, kamakina kokwechera kogwira pamanja, mpakana manja kuchita dzanzi. Ndasungako kandalama ndikufuna drum sander koma pa Facebook Marketplace ndikungoona manambala, 16-32, 19-38, ena akuti wide belt, mutu wangoima. Thicknesser, makina opalira matabwa aja, ndilibe, mnzanga akuti drum sander imagwira ntchito zonse ziwiri. Ndi zoona? Ndine wanu, kalipentala wa ku Rosettenville.

YANKHO: Zikomo achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama ikadali m'thumba. Ndiyambire kwa mnzanuyo, sikuti ndikumunyoza ayi koma wakunamizani. Thicknesser ili ndi mipeni, imatha kuchotsa 2mm ulendo umodzi. Drum sander ndi chigubu chachitsulo chokulungidwa sandipepa, thabwa limadutsa pansi pake litakwera lamba, ndipo chimene imachotsa ndi kachidutswa ka milimita, tinene 0.2 mwina 0.3 basi. Nde tangowerengerani nokha thabwa la mlombwa lochokera kocheka, lokhakhala komanso lopindika pang'ono, lofunika kuchotsa 4mm, mulidutsitsa kangati? Dzuwa lilowa. Ndipo mukatopa n'kutsitsa chigubucho kwambiri kuti zifulumire, sandipepa imatentha n'kukulemberani mzere wakuda pathabwa kuyambira uku mpaka uko, mzere woti kuuchotsa kwake ndi ntchito ina. Ine zinandionekera chaka choyamba pa tebulo la kasitomala amene anali atalipira kale dipoziti, thabwalo ndinangolitembenuza kuti chipseracho chikhale kunsi kkkk. Ngati matabwa mumagula osapala, yambani thicknesser, kapena muziwapalitsa komwe mumagulako.

Koma pa ntchito mwatchulayi makinawa ndi abwino zedi. Timatabwa todulirapo nyama tija, makamaka tomwe mitu ya matabwa imayang'ana kumwamba, mu thicknesser timang'ambika mwinanso kukuthawani m'manja, pomwe drum sander imatisalaza bwinobwino. Chimodzimodzi tebulo lolumikiza matabwa asanu ndi guluu, timasitepe ta polumikizira tija timatha.

Za manambala zisakuopseni, ndi ma inchi. 16-32 ndiye kuti chigubu ndi ma inchi 16, pafupifupi 400mm, koma mbali imodzi ndi yotsegula nde mumalowetsa theka la thabwa, n'kulizungulitsa kulowetsa theka linalo, zonse pamodzi ma inchi 32, omwe ndi 813mm, muyezo weniweni wa chitseko cha kuno. Kampani ya Jet ili nayo ya saizi imeneyi, ya SuperMax ili ndi 19-38 imene imafika cha m'ma 960mm. Apa musafunse munthu, tengani tepi muyeze matebulo omwe mwagulitsa miyezi yapitayi. Ngati ambiri ndi a 900mm, 16-32 siikwana olo mutaipempherera. Yotsegula mbaliyi ili ndi kakhalidwe kake, chigubu chikapendekeka pang'ono pokha pakati pa tebulo pamatsala kamzere kapena kangalande pomwe maulendo awiri aja akumana, ndiye imafuna munthu wodekha poitchuna. Yotseka mbali zonse ndi yolimba koma mulifupi mwake ndi momwemo, simungawonjezere.

Wide belt, makina akuluakulu okwecha ndi sandipepa yotambalala yozungulira ngati lamba, muiiwale kaye. Zimenezo ndi za mafakitale a ku Booysens ndi ku Germiston, zimafuna magetsi a three phase ndi kompuresa, pamene galaja yanu ndikhulupirira ili pa 230V monga nyumba zonse. Ndipo poti tafika pa magetsi, izi ndiye zomwe abale athu ambiri amapunthwa nazo. Mota ya 16-32 imakhala cha m'ma 1.1kW, payokha si vuto, koma ngati magetsi anu amabwera ndi ekisitenshoni yopyapyala kuchokera kukhitchini kwa landilodi, mayi a pakhomopo akangoyatsa ketulo zonse zithima thabwa lili pakati pa makina, ndipo pomwe laimapo pamakumbika. Kambiranani ndi landilodi akukokereni waya wanuwanu wokhala ndi breaker yake. Mukaona yotchipa modabwitsa yochokera ku America werengani kachitsulo ka pa mota, ikalembedwa 110V 60Hz isiyeni, kuno ndi 50Hz. Za jenereta pa nthawi ya load shedding, mota zimenezi podzuka zimakoka moto wochuluka kangapo kuposa zikamayenda, kajenereta koonera TV sikangaidzutse.

Walira mvula walira matope achimwene, drum sander imabwera ndi fumbi, osati utuchi ngati wa puleni koma fumbi losalala ngati ufa woyera lomwe limalowa m'chifuwa. Pamwamba pake pali kamwa la 100mm lolumikizira paipi ya dust extractor, makina okoka fumbi, ndipo silinaikidwe ngati chokongoletsa, popanda chokoka fumbi sandipepa imadzaza msanga n'kuyamba kuwotcha. Huva ya m'nyumba siikwanitsa. Nde mu bajeti yanu extractor ikhalemo kuyambira pachiyambi, ndi masiki yeniyeni, ndalama ikapanda kukwana zonse ziwiri dikirani mwezi wina.

Mukapita kukaona yakale ija ya pa Facebook, musatumize dipoziti musanaione ikulira. Nyamulani thabwa lanu lotambalala ndi pensulo, lembanilembani mizere thabwa lonse, lidutsitseni kamodzi mopepuka. Pensulo ikafufutika mbali imodzi yokha chigubu n'chopendekeka, zimenezo zimakonzeka ndi sipanala, koma uzani mwini wake akonze inu mukuona, akayamba nkhani zambiri mudziwe kuti pali china. Muone lamba ngati sakuthawira kumbali kapena kung'ambika m'mphepete, mumvetsere ma bearing ngati sakukukuta, mutsegule chivundikiro muyese timapanira tiwiri togwira sandipepa kumapeto kwa chigubu, tikafooka sandipepa imakwerana n'kupsa. Ndipo musanalipire imbani kumashopu a zida mufunse ngati lamba wa makina amenewo amapezeka, poti makina abwino osowa sipeya amasanduka tebulo loikapo makapu.

Sandipepa gulani ya mpukutu muzidula nokha, yakale ija ikhale patani. Nambala 80 ndi 120 zikukwanirani, paini ndi amene amavuta chifukwa cha utomoni wake, pezani kachirabala kotsukira sandipepa, ndipo guluu wouma muziyamba mwamupala. Orbital yanu musagulitse, drum sander imasiya timizere toongoka tomwe timaonekera mukangopaka vanishi, nde kumalizitsa ndi komweko, kungoti m'malo mwa tsiku lonse ikhala mwina ola.

FUNSO: Bambo, ine ndi amuna anga timapanga makabati a kukhitchini ku Turffontein, ambiri a melamine. Nafenso tigule makina amenewa? Ndine mayi wa ku Turffontein.

YANKHO: Ayi mayi, sungani ndalama yanu. Melamine, bodi yokutidwa ndi khungu longa pulasitiki, sakwecha, mukangoidutsitsa ndiye kuti mwaiononga, ndipo ma bodi a veneer, omatidwa khungu la thabwa lenileni pamwamba, khungu lake ndi pafupifupi theka la milimita, kuwadutsitsa kawiri kokha chipboard ya m'kati yayamba kusuzumira. Inu ndalamayo ipite ku sowo yabwino ndi makina omatira edging ya m'mphepete mwa bodi. Tsiku lomwe mwapeza oda ya zitseko za thabwa lenileni mudzapite nazo kwa achimwene a ku Rosettenville aja, si patali, mudzawalipire pa chitseko.